Tiyeni tikawadziwe anzathu a Chirasta: ulendo wochokera ku Mwanza mpaka paphiri la Zomba

Amayi anzanga, m'miphakati yathu yambiri muno mu Mwanza muli banja limene mwana, mchimwene kapena mkamwini anasiya kumeta, tsitsi n'kupotana, nyama n'kuikana, ndipo lero amadzitchula kuti ndi Rasta. Mumawaona pamsika akugulitsa zibangili, zipewa zoluka ndi mankhwala azitsamba. Mumakwera nawo minibasi ya ku Blantyre, ndipo ena mumawagula tomato ndi manachesi. Koma titati tifunsane kuti anthu amenewa amakhulupirira chiyani, ambiri tingayankhe ndi liwu limodzi lokha: chamba.

Yankho limeneli ndi loperewera, ndipo likupweteketsa anthu. Ine ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndimaphunzitsa achinyamata amene akukonzekera ntchito yomweyi pa koleji ya mpingo. Pa zaka zimene ndakhala m'chipinda chochirira, ndaona kuti mayi amene akuopa kusekedwa sayamba sikelo msanga. Amabwera mimba itakula, magazi atachepa kale, mwinanso amangochirira kunyumba. Mwa amayi oterewa muli akazi a Marasta, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu omwe, obatizidwa m'tchalitchi mwathu momwemu. Safunsa anadya phula. Choncho mangani chitenje, tiyende limodzi ulendo wokaona kumene chikhulupiriro chimenechi chinachokera, zimene chimaphunzitsa, ndi zimene ife tingachite kuti mayi ndi mwana apulumuke.

Kumene zinayambira

Chirasta chinabadwira pachilumba cha Jamaica m'zaka za m'ma 1930, pakati pa zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuno ku Africa. Ukapolo unali utatha, koma umphawi ndi kunyozedwa chifukwa cha khungu zinali zikadalipo. Mtsogoleri wina wa komweko, Marcus Garvey, ankaphunzitsa anthu akuda kuti asadzione ngati otsika, ndiponso kuti kwawo kwenikweni ndi ku Africa.

Pa 2 Novembala 1930, ku Ethiopia analonga ufumu Ras Tafari Makonnen, amene anatenga dzina loti Haile Selassie. Ethiopia linali dziko la anthu akuda limene linagonjetsa asilikali a Italy pa nkhondo ya ku Adwa mu 1896, komanso dzina lake limapezeka m'Buku Loyera. Alaliki ena a ku Jamaica, monga Leonard Howell, anayamba kuphunzitsa kuti mfumu imeneyi ndi mpulumutsi amene anthu akuda ankamudikira. Dzina loti Rastafari linachokera pa dzina lake lakale lija. Mulungu amamutchula kuti Jah. Ulamuliro uliwonse wopondereza amautcha Babulo, ndipo dziko la mtendere limene amalilakalaka amalitcha Ziyoni.

Mu 1948 Haile Selassie anapereka malo ku Shashemene, m'dziko lake, kwa anthu akuda a kutsidya kwa nyanja ofuna kubwerera ku Africa, ndipo mpaka lero kumeneko kuli mabanja a Chirasta. Pa 21 Epulo 1966 mfumuyi inakacheza ku Jamaica, ndipo khamu lalikulu linakailandira pabwalo la ndege. Tsiku limeneli Marasta amalikumbukira chaka ndi chaka, pamodzi ndi 23 Julayi, tsiku limene iye anabadwa mu 1892.

Dziwaninso kuti Marasta si gulu limodzi. Pali a Nyahbinghi, odziwika ndi ng'oma ndi mapemphero ochezera usiku. Pali a Bobo Ashanti, amene amakulunga tsitsi m'nsalu ndipo amasunga Sabata mosamala. Palinso a Twelve Tribes of Israel, amene amalimbikitsa kuwerenga mutu umodzi wa Baibulo tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa iwo amavomereza Yesu Khristu ngati Mpulumutsi. Ndiye musaganize kuti mukadziwa Rasta mmodzi mwawadziwa onse.

Pa Zalewa, Kameza ndi Chileka

Tikwere minibasi pa boma, titsike zitunda za kwathu mpaka pa Zalewa, tiwoloke Shire, tidutse Lirangwe ndi Lunzu. Tikafika pa Kameza, msewu wina umapatukira ku Chileka. Kumeneko n'kwawo kwa Evison Matafale, woimba amene anayambitsa gulu la Black Missionaries, ndipo anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi. Chaka chilichonse anthu ambiri amasonkhana ku Chileka kukamukumbukira.

Ndatchula Chileka chifukwa ana athu ambiri Chirasta anachidziwira m'nyimbo, osati m'mabuku. Nyimbo za reggae zinalowa m'nyumba zathu kudzera pa wailesi ndi makaseti: Bob Marley, amene anaimba ku Harare pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980, Lucky Dube wa ku South Africa, kenako oimba athu omwe. Kwa ife a ku Mwanza, kumene magalimoto a ku Tete, Harare ndi Johannesburg amadutsa usana ndi usiku, zachilendo sizichedwa kufika. Mnyamata wosowa ntchito akamva nyimbo yonena za osauka, za chilungamo ndi za ulemu wa munthu wakuda, amamva ngati wina wamumvetsa. Ngati mwana wanu analowa Chirasta, funso loyamba lisakhale loti anamunyenga ndani. Mufunseni chimene anakapeza kumeneko chimene ankachisowa.

Mu mzinda wa Blantyre

Pakati pa mzinda wa Blantyre pali msewu wotchedwa Haile Selassie, ndipo ambiri taudutsa kangapo osadziwa mwini dzinalo. Mfumu imeneyi inali yolemekezeka mu Africa yense. Mu 1936 inakadandaula ku Geneva pamaso pa mayiko, dziko lake litalandidwa ndi Italy, ndipo mu 1963 inalandira atsogoleri a mayiko ku Addis Ababa pamene ankakhazikitsa bungwe la umodzi wa Africa.

Inu amene munakula nthawi ya Kamuzu mukukumbukira malamulo a m'zaka za m'ma 1970, amene ankaletsa amayi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndiponso abambo kusunga tsitsi lalitali. Nthawi imeneyo munthu wa madiredi sakanayenda poyera. Malamulowo anatha pamene tinalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri, koma maganizo oti tsitsi lalitali ndi chizindikiro cha uchigawenga anatsalira m'mitima mwathu.

Kwa Rasta weniweni, tsitsilo ndi lumbiro. Amalitenga m'buku la Numeri, mutu 6, pamene pali malamulo a Mnaziri, munthu wodzipatula kwa Mulungu, amene sankameta ndiponso sankamwa vinyo. Samisoni anali wotero. Amayi a Chirasta ambiri amavala zovala zazitali ndipo amafunda duku kumutu, monga momwe ife timachitira tikavala yunifolomu ya bungwe lathu. Madiredi amachapidwa ngati tsitsi lina lililonse. Komanso si aliyense wa madiredi amene ali Rasta, pakuti masiku ano ambiri amangopotetsa kusaluni chifukwa cha fashoni.

Pamwamba pa phiri la Zomba

Tipitirire ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko lino mpaka 1975. Haile Selassie anabwera kudzacheza ku Malawi mu 1965, patangotha chaka chimodzi tilandirire ufulu, ndipo anakwera naye paphiri la Zomba. Malo amene anaima akuyang'ana chigwa amatchedwa Emperor's View mpaka lero. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Chaka ndi chaka Marasta ochokera m'maboma osiyanasiyana amakwera kumeneko ndi ng'oma ndi mbendera zofiira, zachikasu ndi zobiriwira, kukapemphera. Ife amene timayenda maulendo a mapemphero kumalo oyera tikudziwa chimene chimachititsa munthu kusiya ntchito zake, kulipira thiransipoti, n'kukwera phiri wapansi.

Apa ndi pofunika kunena mosabisa pamene timasiyana. Ife Akatolika timakhulupirira kuti Yesu Khristu yekha ndiye Mulungu amene anadzakhala munthu, ndipo palibe mfumu ya pansi pano imene tingaipembedze. Haile Selassie mwiniwake anali Mkhristu wa mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, ndipo atafunsidwa ananena kuti iye ndi munthu amene adzafa ngati wina aliyense. Anachotsedwa pampando mu 1974 ndipo anamwalira mu 1975. Iye ndi amene anatumiza Abuna Yesehaq kukatumikira anthu a kutsidya kwa nyanja, ndipo mtsogoleri wa mpingo ameneyu ndiye anabatiza Bob Marley mu Novembala 1980.

Kusiyana pa chikhulupiriro sikutipatsa chilolezo chonyoza. M'chaka chomwecho cha 1965, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate, chimene chimatiphunzitsa kulemekeza zoona ndi zoyera zimene zimapezeka m'zipembedzo zina, ndiponso chimadzudzula kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena chipembedzo chake. Kumbukiraninso nkhani ya m'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 8: Filipo anakumana ndi nduna ya ku Ethiopia ikuwerenga Malembo m'galeta, anakwera n'kukhala nayo pansi, ndipo kucheza kwawo kunayamba ndi funso.

Khoti la ku Zomba ndi ana asukulu

Tikatsika phirilo tifike pa Khoti Lalikulu la ku Zomba. Kwa zaka zambiri sukulu za boma zinkabweza ana a madiredi pokhapokha atameta. Makolo ena anameta ana awo mtima ukuwawa, ena anawasunga pakhomo. Mu Januwale 2020 khotili linalamula kuti ana amene anakadandaula ayambe aloledwa m'kalasi, ndipo pa 8 Meyi 2023 Justice Zione Ntaba anagamula kuti kukaniza mwana sukulu chifukwa cha madiredi n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko lino, amene amateteza ufulu wa maphunziro ndi wa chipembedzo. Boma linauzidwa kuti lidziwitse sukulu zake zonse.

Nkhaniyi ikukhudza umoyo mwachindunji. Mtsikana amene sali pasukulu amakwatiwa msanga, amatenga mimba thupi lisanakhwime, ndipo ndi amene timamulandira ali ndi mavuto aakulu pochira. Ambiri mwa inu muli m'makomiti a sukulu ndi m'magulu a amayi oyang'anira atsikana. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wa Chirasta amene akungokhala, kawauzeni makolo ake kuti chitseko chinatseguka.

Tibwerere kwathu, tilowe m'khitchini

Chakudya cha Chirasta amachitcha ital. Ambiri sadya nyama, makamaka ya nkhumba, samwa mowa, ndipo amapewa zakudya za m'zitini ndi zotsekemera za m'mabotolo. Ena amadya nsomba zing'onozing'ono za mamba, ena sadya chilichonse chochokera ku nyama, ngakhale mazira ndi mkaka. Ena sathira mchere.

Monga namwino, ndinene kuti muli zabwino zambiri m'kadyedwe kameneka. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchuluka pakati pathu, ndipo mchere wambiri, mafuta ambiri, shuga ndi mowa ndi zina mwa zimene zikuwakolezera. Munthu wamkulu sayenera kupitirira supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa tsiku, koma ambiri timapyola. Mbale ya nyemba, bonongwe wotendera ndi mgaiwa imaposa chipisi ndi zakumwa za m'botolo.

Komabe kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono pali mipata itatu yofunika kuitseka. Mukudziwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Banja likachotsa gulu la zanyama, magulu otsalawo ayenera kugwira ntchito yowirikiza.

Mpata woyamba ndi wa ayironi, amene amapanga magazi. Amapezeka mu nandolo, nyemba, khobwe, nzama, soya ndi masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani ndi kholowa. Koma ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Chimene chimamuthandiza ndi vitamini C, ndipo pamenepa ife a ku Mwanza tinadalitsidwa: nachesi limodzi, malambe kapena madzi a ndimu pa nthawi ya chakudya. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironi, choncho asamwedwe pamodzi ndi nsima. Ngakhale adye bwino chotani, mayi woyembekezera amwebe mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo.

Mpata wachiwiri ndi wa vitamini B12. Ameneyu sapezeka m'masamba, m'zipatso kapena m'nyemba. Amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Akasowa, magazi amachepa, manja ndi miyendo zimachita dzanzi, ndipo mwana woyamwa kwa mayi wosowa vitamini ameneyu amakhala wofooka, amachedwa kukhala ndi kukwawa, ndipo bongo wake ukhoza kuwonongeka. Ngati banjalo limalola usipa, matemba, mazira kapena chambiko, vutoli lachepa. Ngati salola chilichonse, mayiyo anene poyera kuchipatala kuti amuthandize kupeza mapiritsi kapena jakisoni wa B12.

Mpata wachitatu ndi wa ayodini. Mchere wa m'mapaketi umene timagula uli ndi ayodini, amene amateteza chithokomiro ndipo amathandiza bongo wa mwana kukula ali m'mimba. Banja losathira mchere n'komwe likhoza kumusowa. Pang'ono pokha patsiku n'pokwanira.

Za chamba, tinene zoona

Marasta ambiri amatenga chamba ngati chitsamba chopatulika chothandiza popemphera ndi posinkhasinkha. Koma si onse amene amasuta, ndipo anthu ambiri osuta chamba m'midzi mwathu si Marasta. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta kapena kupezeka nacho popanda chilolezo ndi mlandu mpaka pano.

Mbali ya chipatala ndi iyi. Mphamvu ya chamba imadutsa m'thupi la mayi n'kufika kwa mwana ali m'mimba, imalowanso mu mkaka wa m'mawere. Ana a amayi osuta amabadwa ochepa thupi kawirikawiri. Kumwa chamba m'tiyi pofuna kuletsa mseru sikuchotsa vutoli. Utsi wa m'nyumba, kaya wa chamba, wa fodya kapena wa nkhuni, umapweteka chifuwa cha khanda. Kwa achinyamata, amene bongo wawo ukadakula, kuyamba kusuta msanga ndi kusuta kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo. Mukaona mwana sakugona, akulankhula yekha, akumva mawu amene ena sakuwamva kapena akukayikira aliyense, musamumange ndi chingwe kapena kumutsekera m'nyumba. Pitani naye kuchipatala cha boma. Matendawa ali ndi mankhwala, ndipo kuli zipatala zake monga cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Nkhani yotereyi imamveka bwino mukailankhula ngati mayi wodera nkhawa mdzukulu. Bambo wa Chirasta amene amalemekeza moyo akhoza kuvomera kusutira kutali ndi mkazi wake woyembekezera ngati mwamufotokozera chifukwa chake mwaulemu.

Kusikelo, kochirira ndi kukatemera

Marasta ambiri amadalira zitsamba ndipo ena amakayikira mankhwala a kuchipatala. Tisawaloze chala, pakuti mwanamphepo amene amaphulitsa chiberekero timamupeza mwa amayi a mipingo yonse. Chitsamba chili ndi malo ake, koma sichingayeze kuthamanga kwa magazi, sichingaone mmene mwana wagonera, ndipo sichingaletse magazi otayika mayi akachira. Bob Marley anamwalira mu Meyi 1981 ali ndi zaka 36, ndi khansa imene inayambira pachala cha kuphazi n'kufalikira thupi lonse. Matenda sasankha chipembedzo.

Mayi aliyense ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndipo aonedwe kasanu ndi katatu asanachire. Kumeneko amalandira neti, mankhwala oteteza malungo, katemera wa kafumbata, ndipo amayezedwa magazi. Wokhala kutali, monga ku Thambani ndi madera ena a m'malire, apite kuchidikiro nthawi ikayandikira. Muuzeni kuti palibe amene ali ndi ufulu womumeta pofuna kumuthandiza. Ngakhale ku opaleshoni, tsitsi timangolikulunga m'kachipewa. Ophunzira anga ndimawauza kuti afunse mayi aliyense zimene amadya ndi zimene sadya, ndiponso maganizo ake pa nkhani yolandira magazi, nthawi ikadalipo, osadikira tsiku la ngozi.

Za katemera, kumbukirani kuti mu 2022 poliyo anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, ndipo chaka chomwecho anapezekanso mwa ana a m'chigawo cha Tete, kuseri kwa Zobue komweku. Ife a m'malire sitingalole kuti khomo lina lidumphidwe chifukwa alangizi kapena anthu odzipereka akuopa kugogoda.

Zimene bungwe lathu lingachite

Pa msonkhano wanu wotsatira, werengani mabanja a Chirasta amene ali m'dera la mphakati wanu, ndipo musankhe amayi awiri odekha oti akawachezere. Pitani ndi nandolo kapena manachesi, osati nkhuku. Funsani dzina limene mayi wa pakhomopo amafuna kutchulidwa, ndipo mumutchule lomwelo. Ngati ndi woyembekezera, mufunseni ngati anayamba sikelo, ndipo mmodzi wa inu amuperekeze ulendo woyamba. Onani ngati ana ali ndi mabuku a kuchipatala ndiponso ngati ali pasukulu. Pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pamaliro, patulani mphika umodzi wa ndiwo zopanda nyama, kuti mkamwini wanu asabwerere ndi njala. Mukamaphika phala la ana m'magulu anu, muitaneni mayi wa Chirasta adzaonetse mmene amaphikira soya ndi masamba, inunso mumuonetse za ayodini ndi B12.

Kwa inu amene mwana wanu weniweni ndiye analowa Chirasta, ndikudziwa kuti mtima umawawa mukamuona sakubweranso ku Misa. Mupempherereni, ndipo mukambirane ndi bambo mfumu kapena asisiteri ngati zikukulemerani. Koma musamuthamangitse pakhomo. Chibale ndi fupa, sichiola. Mwana amene amadya pakhomo panu mukhoza kulankhula naye za Mulungu, za chamba ndi za sikelo ya mkazi wake, ndipo tsiku limene mdzukulu wanu adzatenthe thupi usiku, adzathamangira kwa inu.